Funsani Dokotala: Ululu wosatherapo kwa odwala matenda a Parkinson

Funso lochokera kwa mayi wa ku Chinamwali: Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 68 ndipo anawapeza ndi matenda a Parkinson. Kunjenjemera kwa dzanja tinazolowera, koma chimene chikutisowetsa mtendere ndi ululu. Phewa lakumanja limawawa mpaka amalephera kuvala malaya, ndipo mbandakucha phazi limapindika, zala zake n'kukhwinyata ngati wina akuzikoka. Panado sakuphula kanthu. Achibale akuti ndi ukalamba chabe. Kodi zoona?

Yankho: Mayi, ululu umenewu musautaye m'gulu la ukalamba. Oposa theka la anthu odwala Parkinson amakhala ndi ululu wa nthawi yaitali, ndipo ambiri sautchula kuchipatala chifukwa aliyense maso amakhala pa dzanja lonjenjemeralo.

Matendawa, amene dokotala wa ku London dzina lake James Parkinson anawalongosola m'chaka cha 1817, amayamba pamene maselo a mu ubongo opanga dopamine akufa pang'onopang'ono. Dopamine ndi amene amachititsa kuti minofu iziyenda mosavuta. Akachepa, minofu imalimba, munthu amayenda mochedwa, thupi limawerama. Komanso dopamine yemweyo amathandiza ubongo kuchepetsa uthenga wa ululu, choncho wodwala Parkinson amamva kuwawa msanga kuposa mnzake wa msinkhu womwewo.

Bambo anu ali ndi mitundu iwiri ya ululu, ndipo thandizo lake ndi losiyana. Wa paphewawo ukuchokera ku kulimba kwa minofu. Onani mmene amayendera: mkono wa mbali yodwalayo sugwedezeka, umangolendewera pambali. Phewa limene silikuyendetsedwa limauma, khungu la mkati lokuta molumikizana mafupa limakhwima, mpaka mkono sukwera kupyola khutu. Ena phewa limayamba kuwavuta chaka kapena ziwiri kunjenjemera kusanaoneke, n'kumalandira mankhwala a nyamakazi nthawi yonseyo.

Phewa louma limamasuka ndi kuliyendetsa, mapiritsi amangothandizira. Viikani thaulo m'madzi ofunda, muyambe mwayesa pa mkono wanu kuti asapse, ndipo muwaike paphewa kwa mphindi 15. Kenako aimirire moyang'ana khoma, zala zikwere khomalo pang'onopang'ono mpaka pamene ayamba kumva kukoka, adikire masekondi 10, atsitse. Achite ka 10, m'mawa ndi madzulo. Lembani ndi khala pakhoma pamene zala zafika, kuti pakatha mwezi muone ngati mzerewo wakwera. Musamawakoke mkono mwamphamvu powadzutsa pampando, agwireni m'chiuno. Pemphaninso kuti awatumize kwa a mafizo ku Zomba Central Hospital, akaone phewalo ndi kukuphunzitsani inuyo amene mumakhala nawo.

Za phazizo ndi nkhani ina. Kupindika kwa mbandakucha kumabwera chifukwa mankhwala a Parkinson amene anamwa dzulo madzulo atha mphamvu m'thupi. Minofu ya phazi imakokana yokha, zala zimapindikira pansi, nthawi zina chala chachikulu chimaloza kumwamba, phazi n'kutembenukira mkati. Panado alibe mphamvu pa zimenezi. Chimene chimamasula phazilo ndi levodopa, mankhwala a Parkinson amene ubongo umawasandutsa dopamine. Madokotala nthawi zambiri amalangiza kuti piritsi loyamba likhale pafupi ndi bedi pamodzi ndi kapu ya madzi, wodwala amwe akangodzuka, agonebe kwa mphindi 30 mpaka 45 asanaponde pansi. Podikirapo, kulungani chitenje kuphazi, iwo akoke nsonga zake ziwiri mwendo uli chiwongokere, masekondi 30, katatu. M'miyezi ya June ndi July kuno ku Zomba kuzizira kumawonjezera kukokanako, ndiye azigona atavala masokosi. Zikapitirira, dokotala wawo angasunthe nthawi ya piritsi la usiku kapena kusintha mlingo. Inu nokha musasinthe.

Funso lochokera kwa bambo wa ku Songani: Ine ndine wodwala. Ndimamwa levodopa ndi carbidopa katatu pa tsiku. Poyamba ndinkakhala bwino tsiku lonse, koma tsopano ikamakwana 11 koloko thupi lonse limaphwanya, msana umauma. Piritsi la masana nthawi zina silimagwira n'komwe. Anzanga akuti ndizidya kalongonda. Nditani?

Yankho: Bambo, mwanena chinthu chofunika kwambiri osadziwa, ndicho nthawi imene ululu umabwera. Kwa wodwala Parkinson, wotchi imauza dokotala zambiri kuposa chithunzi cha X-ray.

Levodopa sakhalitsa m'magazi. Theka lake limatha pakadutsa pafupifupi mphindi 90. M'zaka zoyambirira ubongo umakhala ukadali ndi maselo okwanira osunga dopamine, ndiye simumamva kusiyana pakati pa piritsi ili ndi lotsatira. Maselowo akamatha, nkhokwe ija imachepa, ndipo thupi limayamba kutsatira piritsi ola ndi ola. Ululu umene umabwera piritsi lotsatira litatsala pang'ono, n'kutha mutamwa, ndi wa kuchepa kwa mankhwala m'thupi. Palinso ena amene amamva kuwawa mankhwala atafika pachimake, thupi likugwedezeka lokha mopotoka. Woyambayo amafunika mapiritsi oyandikana nthawi, wachiwiriyo amafunika mlingo wocheperako. Mukangoti "ndikumva kuwawa" dokotala sangadziwe kuti ndinu uti.

Tengani kope la sukulu. Kwa masiku 7 lembani nthawi imene mwamwa piritsi lililonse, nthawi imene mwadya ndi ndiwo zake, nthawi imene ululu wayamba ndi kutha, malo ake, ndi kukula kwake kuyambira 0 mpaka 10. Ngati kulemba kukuvuta chifukwa cha dzanja, mdzukulu akulembereni. Kopelo mupite nalo pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala.

Piritsi la masana limene silikugwiralo ndikukayikira nsima ndi ndiwo. Levodopa amalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono, ndipo amalimbirana khomo limodzi ndi zakudya zomanga thupi. Mukamwera piritsi pa nsima ya matemba, nyemba, nandolo, mazira kapena nyama, limachedwa m'mimba ndipo lochepa lokha limafika ku ubongo. Imwani mphindi 30 musanadye, kapena ola limodzi mutadya, ndi kapu yodzadza ya madzi. Likakuchititsani nseru, idyani kachidutswa ka nthochi kapena bisiketi, osati mkaka. Ndiwozo musasiye, thupi likuzifuna. Ingosunthirani zambiri ku mgonero. Ngati mukumwa mapiritsi owonjezera magazi a ayironi, asiyanitseni ndi levodopa ndi maola awiri, chifukwa ayironi amamugwira m'mimba.

Kudzimbidwa nakonso anthu amakupeputsa. Matendawa amachedwetsa matumbo, ndipo mimba yotseka imawawa payokha, imalemetsa msana, n'kulepheretsanso mankhwala kulowa. Imwani madzi okwana lita imodzi ndi theka kapena awiri pa tsiku, pokhapokha ngati anakuletsani chifukwa cha mtima kapena impso. Nsima ya mgaiwa ikhale m'malo mwa ya ufa woyera, masamba monga nkhwani ndi bonongwe asasowe, ndiponso papaya wakupsa.

Anzanu aja sananame konse ayi: kalongonda ali ndi levodopa wachilengedwe. Vuto ndi mlingo. Kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi mbewu ndi kaphikidwe, ndipo kuwiritsa ndi kutaya madzi kumene timachita kuti adyeke kumachotsa wambiri. Mulibenso carbidopa, amene amateteza levodopa kuti asaphwanyidwe asanafike ku ubongo. Kuwonjezera kalongonda pa mapiritsi anu kungakubweretsereni kusanza, chizungulire ndi kusokonezeka mutu. Musayese popanda dokotala amene akukutsatirani.

Mapiritsi akatsala a sabata imodzi, yambani kufunafuna ena. Kusiya levodopa mwadzidzidzi ndi koopsa: thupi limauma gwa, kutentha kumakwera, munthu angathe kumwalira.

Funso lochokera kwa mtsikana wa ku Jali: Agogo anga aakazi amati mapazi amatentha ngati aponda makala, makamaka usiku, ndipo nthawi zina amachita dzanzi. Timawagulira Brufen ndi diclofenac pagolosale. Tipitirize?

Yankho: Siyani, mwana wanga. Mankhwala amenewa amachepetsa kutupa, koma kutentha ndi dzanzi ndi ululu wa mitsempha yonyamula uthenga, ndipo saufika. Kwa okalamba amaboola zilonda m'mimba, amawononga impso ndi kukweza BP, makamaka mukawaphatikiza awiriwo. Chimbudzi cha agogo chikakhala chakuda bii ngati phula, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Choyamba ndi kufufuza chifukwa. Si zonse zimene zimachitikira wodwala Parkinson zochokera ku Parkinson. Awayeze shuga. Matenda a HIV, mankhwala a TB otchedwa isoniazid ndi mowa zimawononganso mitsempha ya kumapazi. Vitamini B12 amatha kuchepa mwa okalamba komanso mwa amene amwa levodopa zaka zambiri, ndipo kuchepa kwakeko kumachizika. Ululu ukakhala woyambira m'chiuno n'kutsika mwendo umodzi ngati magetsi, ndiye kuti mwina mtsempha wapanikizika pamsana. Ndipo ngati zoyeza zonse zili bwino, ulipo ululu wochokera mu ubongo momwemo, wotentha kapena wobaya, wosasankha malo. Ndi weniweni, agogo sakudzinamiza.

Mankhwala a ululu wa mitsempha ndi monga amitriptyline, gabapentin, pregabalin ndi duloxetine. Amitriptyline amapezeka mosavuta m'zipatala zathu, koma kwa okalamba amafunika kusamala kwambiri chifukwa amaumitsa kukhosi, amatseka mimba ndi mkodzo, amagwetsa munthu ndi chizungulire ndiponso amasokoneza mutu, makamaka kwa amene akumwanso Artane, mankhwala ena a Parkinson ochepetsa kunjenjemera. Amayambira pa mlingo wochepa usiku, ndipo amatenga masabata angapo kuti muone kusintha. Pa kuphwanya wamba kwa thupi, Panado ndiye wabwinoko: mapiritsi awiri a 500 mg pa maola 6 aliwonse, osapyola 8 pa tsiku, ndipo ocheperapo ngati agogo salemera kufika 50 kg kapena ali ndi vuto la chiwindi. Tramadol musamugule mwachisawawa. Amatseka mimba, ndipo ndi woopsa kwa amene akumwa selegiline, mankhwala enanso a Parkinson.

Kulikonse kumene mwapita nawo, nenani msanga kuti ali ndi Parkinson. Metoclopramide wa nseru, haloperidol ndi chlorpromazine a matenda a maganizo amatsekereza dopamine, ndipo angawaumitse thupi kwambiri pa masiku ochepa. Afunseninso agogo za tulo ndi mmene akumvera mumtima. Kukhumudwa ndi gawo la matendawa, ndipo munthu wokhumudwa, wosagona, amamva ululu wochuluka. Mapazi adzanzi aziyang'anidwa madzulo aliwonse ngati pali bala, ndipo asamawothe moto mapazi ali pafupi ndi mbaula, chifukwa angapse osamva.

Funso lochokera kwa bambo wa ku Thondwe: Ndi ululu uti umene sitiyenera kudikira nawo tsiku la kiliniki?

Yankho: Ululu wa m'chiuno kapena wa m'ntchafu munthu atagwa n'kumalephera kuponda, chifukwa fupa lingakhale lathyoka. Msana wowawa pamodzi ndi kufooka kwa miyendo, dzanzi pakati pa miyendo, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi. Kuwawa pachifuwa. Mwendo umodzi wotupa, wotentha. Mimba yotupa, munthu akusanza osatulutsa mpweya. Kuuma thupi kwadzidzidzi pamodzi ndi kutentha ndi kusokonezeka. Msana wowawa usiku munthu akuwonda ndi kutuluka thukuta ufunikanso kuyezedwa msanga, chifukwa TB ya pamsana ilipo kuno kwathu. Akawagoneka m'chipatala, mupite ndi mapiritsi awo a levodopa ndi pepala losonyeza maola enieni amene amamwera, mulipereke kwa anamwino a m'wodimo tsiku loyamba lomwelo.