Mwana wanga ndimamusambitsa katatu pa tsiku koma chikanga sichikutha

Adokotala, mwana wanga wa zaka 4 amatuluka zidzolo zoyabwa m'mapindiko a zigongono ndi kuseri kwa mawondo kuyambira ali wakhanda. Nyengo yozizira ikafika amadzikanda usiku wonse mpaka magazi. Apongozi anga akuti ndi uve, ndiye ndimamusambitsa katatu pa tsiku ndi sopo wopha tizilombo, n'kumukhula ndi chinkhupule. Ndamumwetsapo amoxicillin kawiri. Tizilombo take n'totani tosamva mankhwala?
Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

Zikomo mayi. Mwanayo sindinamuone, koma malo amene mwatchulawo ndi kubwerabwera kwa zidzolozo zikuloza ku chikanga, chomwe kuchipatala timati atopic eczema. Akanakhala mphere, bwenzi enanso m'nyumbamo mukukanda, makamaka pakati pa zala. Chikanga sichipatsirana, ndipo si matenda a uve. Apongozi muwauze mwaulemu kuti adokotala atero.

Khungu la munthu aliyense, ngakhale atangotuluka kumene kubafa, lili ndi tizilombo tamitundumitundu tosaoneka ndi maso, ndipo tambiri ndi eni mudzi. Tina, monga Staphylococcus epidermidis ndi Staphylococcus hominis, timatulutsa mankhwala akeake opha mabakiteriya oopsa. Wovuta ndi m'bale wawo Staphylococcus aureus. Ameneyu amakhala phee m'mphuno mwa anthu ambiri osawadwalitsa, koma akapeza khungu losweka amakhazikika. Mwa odwala chikanga 100 aliwonse, pafupifupi 70 amapezeka naye pamalo pamene pali zidzolo. Mu 2012 akatswiri a ku America amene ankatsatira ana a chikanga anaona kuti matenda akamakula mitundu ya tizilombo pakhungu imachepa, S. aureus n'kutenga malo, ndipo mwana akalandira chithandizo mitundu ija imabwerera.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Mwana wa chikanga amabadwa ndi khungu losasunga chinyezi, limauma n'kuchita timing'alu. Bakiteriya uja amalowa m'timing'alumo n'kutulutsa poizoni amene amautsa chitetezo cha m'thupi. Khungu limatupa, limayabwa, mwana amakanda, zikhadabo zimatsegula ming'alu ina, bakiteriya amapeza malo enanso. Ndiye onjezanipo chisanu cha kuno mu June ndi July, madzi otentha kwambiri amene timawiritsira ana m'mawa, ndi juzi yaubweya yovala pathupi penipeni.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, chifukwa mwachita zonsezi mwa chikondi. Sopo wamphamvu sasankha, amakokolola eni mudzi pamodzi ndi mafuta achilengedwe a khungu. Khungu labwino limakhala ndi asidi pang'ono, pH (muyeso wa asidi, umene nambala ikamakwera ndiye kuti asidi akuchepa) ya pafupifupi 5, pamene sopo wamba amafika 9 kapena 10, ndipo S. aureus amakonda khungu lotaya asidi wake. Chinkhupule nacho chimangomaliza ntchito ya zikhadabo. Amoxicillin ndiye musawonongerenso ndalama: S. aureus wambiri samumva, komanso chikanga chopanda mafinya sichichira ndi ma antibayotiki.

Kuyambira mawa musambitseni kamodzi pa tsiku, madzi ofunda chabe, mphindi zisanu kapena khumi, ndi dzanja lanu. Sopo wosanunkhira pang'ono m'khwapa, kumaliseche ndi kumapazi basi. Pomupukuta muzingogunditsa thaulo, osakwecha, ndipo thupi lisanaumiretu mupakeni Vaseline wosanunkhira thupi lonse. Musaumire, mwana azinyezimira ndithu, ndipo mubwereze madzulo ngakhale masiku amene khungu likuoneka bwino. Zikhadabo muziwenga, mkati mwa juzi muzimuveka malaya a thonje.

Mafutawo amatseka ming'alu, koma pamalo potupa kale pamafunika mankhwala opaka oziziritsa kutupa, monga hydrocortisone wa 1%. Makolo ambiri amawaopa, komatu akapakidwa monga walembera dokotala, kwa sabata imodzi kapena awiri, ndi amene amachepetsanso bakiteriya uja chifukwa khungu likapola amasowa pogwira. Amene ndimawaopa ine ndi timachubu ta pamsika, tija ena amayeretsera khungu. Tambiri tili ndi steroid, mankhwala a gulu la hydrocortisone yemweyu, koma wamphamvu kwambiri ngati clobetasol, amene amapyapyalitsa khungu la mwana.

Pitani naye ku chipatala cha Mapale kapena ku Mzuzu Central akamuone ndi maso, mutanyamula zonse zimene mwakhala mukumupaka ndi kumumwetsa. Koma mukaona nkhanambo zachikasu ngati uchi, mafinya, kutentha thupi, kapena timatuza tambiri towawa tofalikira msanga, musadikire kuti kuche. Pamenepo tizilombo talowa mkati, ndipo mankhwala ake oyenera, kaya akumwa kaya a jakisoni, akasankhe ndi dokotala tsiku lomwelo.