Nthano za nyama za Chingerezi ndi Chithai: ndiyambire pati?

Mayi wina wa kwathu kuno, amene akuphunzitsa Chingerezi kupulayimale mumzinda wa Chiang Mai ku Thailand, wandilembera imelo. Akuti: "Andipatsa timabuku ta nthano za nyama, tsamba ili Chingerezi, linalo Chithai, kuti ana aphunzirepo kudzichepetsa. Chithai sindiwerenga. Ndiyambire pati?"

Amayi, yambani mwatisanja timabukuto, chifukwa nthano zake nzochokera kuwiri. Zina ndi za Aesop wa ku Greece, monga ya chule uja anadzifufumitsa kuti alingane ndi ng'ombe mpaka kuphulika. Zina ndi za Jataka, nkhani 547 za Chibuda zosimba za miyoyo yakale ya Buddha, zimene anawo amazimva kukachisi komanso kwa agogo awo.

Ine ndikadakhala inu ndikadatsogoza za Jataka. Ya chule ija imangoopseza mwana kuti wonyada amathera pamoto. Koma tamvani iyi. Njovu, pusi ndi nkhwali zinkakhala pansi pa mtengo waukulu wonga kachere, osalemekezana. Tsiku lina zinafuna kudziwa wamkulu ndani. Njovu inati ili mwana inkaudumpha mtengowo, nsonga yake n'kumaikhudza pamimba. Pusi anati ankabudula masamba a kunsonga atakhala pansi. Nkhwali inati inadya chipatso cha mtengo wina, n'kudzachita chimbudzi pomwepo, mbewuyo n'kumera. Basi, njovu ndi thupi lonse lija inavomera kuti kambalameko ndiye wamkulu. Palibe wafa, palibe wachititsidwa manyazi. Ndipo ana a ku Thailand aimvetsa msanga, pakuti kwawoko za msinkhu sasewera nazo: wamng'ono ndiye amayamba kupereka moni wa wai, uja wophatikiza manja n'kuweramitsa mutu. (Za chimbudzizo aseka mpaka misozi, asiyeni aseke.)

Za kusawerenga Chithai zisakudetseni nkhawa. Zilembo zake za makonsonanti zokha zilipo 44, mawu amalembedwa mogundizana popanda mpata, ndipo liwu limasintha tanthauzo malinga ndi kakwezedwe kake, komwe kuli mitundu 5. Simungazidziwe teremu ino. Mwana mmodzi aziwerenga tsamba la Chithai, inu muziwerenga la Chingerezi. Koma mupemphe mphunzitsi mnzanu wa komweko ayambe waona ngati masamba awiriwo akunenadi zofanana, chifukwa omasulira ena amadumpha ziganizo.

Nthano za Aesop m'Chithai zimakonda kutha ndi mzere wakuti "nthano iyi ikutiphunzitsa kuti…". Uphimbeni ndi chala, anawo anene okha. Akauona amangouloweza.

Mukafuna kuwapatsako za kwathu, samalani ndi Kalulu, poti nthano zake zambiri amapambana ndi ukathyali. Sankhani ija anakana kukumba chitsime pa chilala, n'kumaba madzi atapusitsa alonda ndi uchi, mpaka anagwidwa ndi Kamba amene nyama zonse zinkamuderera.