Dzinalo musalifufute chonde

Achimwene, mwafunsa ngati buku la kusindikiza koyamba limatsika mtengo mlembi akalembamo dzina la munthu amene ankamupatsa, komanso ngati mungafufute dzinalo kuti patsale siginecha yokha. Musayerekeze! Ndawerenga funso lanulo mtima uli m'mwamba, chifukwa mbali imene mukufuna kuchotsayo ndi imene ena a ife timaisaka zaka ndi zaka.

Siginecha yokha mlembi angathe kuisayina kambirimbiri pa tsiku limodzi, anthu atandanda pa mzere. Koma akakhala pansi n'kulemba dzina la mnzake, tsiku ndi timawu tiwiri titatu, bukulo lilibenso linzake pa dziko lonse. Nkhani yagona pa wolandirayo: anali ndani kwa mlembi? The Hobbit ya J.R.R. Tolkien inatuluka mu 1937, makope 1,500 okha. Kope imene iye analembera Katherine Kilbride, yemwe anali wophunzira wake ku yunivesite ya Leeds, inagulidwa mapaundi 137,000 pa okushoni ya Sotheby's ku London mu 2015. Mukanafufuta dzina limenelo, mukanataya ubale wonse wa mphunzitsi ndi wophunzira wake. Wolandirayo akakhala munthu wosadziwika, n'zoona kuti ogula ena amakonda siginecha yokha, komabe tsamba lopalidwa limaoneka, ndipo wogula wodziwa akangoliona amayamba kukayikira buku lonse.

Musanafike pa inkiyo, tsimikizani kuti bukulo ndi loyambadi. Odziwa amayang'ana zolakwika zimene osindikiza anadzakonza pambuyo pake. Mu The Great Gatsby ya 1925, patsamba 205 pali mawu olakwika akuti "sick in tired". Pa chikuto chapepala cha The Hobbit yoyamba, dzina la Dodgson (dzina lenileni la mlembi Lewis Carroll) analilakwitsa n'kulikonza pamanja. Chikuto chapepalacho musachipeputse, nthawi zina ndicho chimanyamula gawo lalikulu la mtengo.

Tsopano dzanja la mlembi. Apa mpamene anthu amalirira, poti akathyali amagula buku lenileni lakale n'kudzilembera okha. Yerekezani malembedwewo ndi makalata a mlembi a zaka zomwezo, chifukwa dzanja la munthu limasintha akamakula. Buku lomwe akuti linasayinidwa cha m'ma 1920 koma ndi bolopeni, lisiyeni, nthawi imeneyo bolopeni inali isanafale. Ndiponso si mawu onse a mphatso amene ali dzanja la mlembi: pa makope a buku la Emma amene mlembi wake Jane Austen anatumizira abale ndi anzake, analembapo ndi kalaliki wa wosindikiza.

Wogulitsayo mumufunse kumene bukulo ladutsa, malisiti akale kapena kalata ya banja la wolandira, ndipo avomere polemba kuti adzabweza ndalama likapezeka labodza. Mutijambulire tsamba lolembedwalo, tsamba la chaka chosindikizira ndi chikuto mbali zonse, tione limodzi musanalipire.