Dambwe ndi la ndani, nanga limathandiza chiyani pamudzi?

Achimwene, mwafunsa kuti dambwe mwini wake ndani, n'chifukwa chiyani midzi ina ilibe, komanso ngati lili ndi ntchito ina kupatula kuthamangitsa anthu m'misewu. Ndiyankha zokhazo zimene zimakambidwa poyera, za m'kati ndi za olowa.

Tisiyanitse kaye mzinda, dambwe ndi bwalo. Mzinda ndi ufulu umene nyakwawa imalandira kwa mfumu yaikulu kuti izivinitsa gule ndi chinamwali pamudzi pake. Imapempha, imapereka zoyenera, bwalo limatsirikidwa, kenako imatchedwa mwini mzinda. Mfumu yopanda mzinda ilibe dambwe, ndipo wolowa akamwalira m'mudzi mwake imakapempha gule kwa mnzake wa mzinda. Dambwe ndi malo obisika, kawirikawiri ku nkhalango ya kumanda, komwe olowa amakumana ndi kulanga anamwali aamuna. Zilombo zikachoka kumeneko zimafikira paliunde, pafupi ndi mudzi, zisanatulukire pabwalo. Choncho dambwe lili m'manja mwa mwini mzinda, ndipo amene amamuyang'anirira ndi akunjira ndi atsabwalo. Mnyamata wolowa amakhala ndi phungu wake womutsogolera.

Gule ndi wakale kwambiri. M'mapanga a ku Chongoni ku Dedza, omwe UNESCO inawalemba m'gulu la malo otetezedwa mu 2006, muli zithunzi zoyera za zilombo za nyau. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, komanso Akatolika ku Mua mu 1902, mkangano unakula zedi, makamaka m'ma 1920, chifukwa sukulu ndi dambwe zinkalimbirana anyamata omwewo. Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya ndi zipsera za nthawi imeneyo. Lero pa Mua pomwepo pali Kungoni, yomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, yosunga nyau mazanamazana. Mu 2005 UNESCO inazindikira Gule Wamkulu ngati chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique. Amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe anapita nawo gule, n'kumaikana m'manda ngati abale ali kutali ndi kwawo.

Ntchito yaikulu ya dambwe ndi maliro. Uthenga ukafika kwa mwini mzinda, iye ndiye amauza akunjira, ndipo gule amatuluka molingana ndi msinkhu wa womwalirayo. Njovu siituluka wamba, ndi ya mafumu ndi akuluakulu. Kasiyamaliro amaperekeza mzimu kuti usatsalire pamudzi n'kumavutitsa amoyo. Pakapita miyezi kapena chaka pamabwera mpalo, ena amati bona, ndipo amenewa amaikidwa anthu atakolola, cha m'ma Ogasiti mpaka mvula isanagwe, chifukwa pamafunika chimanga cha mowa ndi nsima ya alendo. Pabwalo mvetserani mbalule: ndiyo ng'oma imene imalankhula ndi mapazi a chilombo, pomwe mpanje umagwira pansi, amayi akuwomba m'manja ndi kuyankha nyimbo. Nyimbozo zimadzudzula ulesi, chigololo ndi umbombo, ngakhale wa mfumu. Musaiwalenso kuti kwathu kuno mwamuna ndi mkamwini pamudzi wa mkazi wake. Kudambwe ndiko amapeza anzake omumva. Ndipo m'madera ambiri a ku Lilongwe ndi Dowa, mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha chifukwa palibe amalowamo ndi nkhwangwa mwachisawawa.

Zimene mukudandaula n'zoona, ndipo zimatipweteka. Zimayamba gule akatuluka mfumu isakudziwa. Anyamata amamutulutsa okha atamwa kachasu, popanda wakunjira womuperekeza, n'kumatseka msewu kufuna ndalama. Kwina amalowetsa ana aang'ono sukulu ili mkati, mwana n'kuphonya mayeso. Kugwira munthu n'kumulowetsa mokakamiza, kapena kumumenya, ndi mlandu kupolisi, ndipo mwambo suvomereza zimenezo.

Mukakumana ndi gule panjira, patukani, tsikani panjinga, musamujambule popanda chilolezo, ndipo ngati mukusupa ndalama ikani pansi. Akakuvutitsani, gwirani tsiku, malo ndi mudzi umene anatulukira, mukanene kwa mwini mzinda. Akazengereza pitani kwa agulupu kapena kwa a T/A, omwe angathe kulipitsa mudziwo kapena kutseka dambwelo kwa kanthawi.