Briji ya gitala yamatuka, ndimate ndi guluu uti?

FUNSO: Akulu, ndimaimba gitala m'kwaya ya kumpingo kwathu. Mu Okutobala kathabwa kogwira nsambo, kaja timati briji, kanayamba kumatuka chakumbuyo moti pepala limalowa. Ndinadonthezamo supagulu, kanagwira sabata ziwiri basi. Mnzanga akuti ndigule epoxy, guluu wochita kusakaniza mankhwala awiri uja, wina akuti guluu wa nsapato. Ndimvere uti?
Woimba wa ku Balaka

YANKHO: Achimwene, anzanu onse awiriwo athokozeni koma musawamvere. Guluu amene mukufuna ndi wa akalipentala, woyera ngati mkaka uja, amene pabotolo amalemba PVA. M'mahadiweya mumampeza ndi maina ngati Ponal kapena Alcolin. Okonza magitala kunja amakonda Titebond Original, wachikasu, chifukwa akauma amalimba gwa kuposa woyerayo. Ngati muli ndi mbale ku Joni amene angampeze, mutumeni. Apo ayi, woyera yemweyo agwira ntchito.

Koma ndisakunamizeni, vuto lanu lalikulu si mtundu wa guluu. Nsambo zisanu ndi imodzi zawaya zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu yokwana makilogalamu 70 kapena cha pompo, usana ndi usiku, ndipo katundu yenseyo ali pa kathabwa kameneko. Guluu wamatabwa amagwira thabwa ndi thabwa. Sagwira pa vanishi, sagwiranso pa guluu wakale. Magitala ambiri otchipa amamatidwa briji vanishi ali pansi pake, ndiye dzuwa la ku Balaka likalowa m'nyumba ya malata, basi kumbuyo kwadzuka. Inu mwaonjezerapo supagulu, amene wauma ngati galasi m'kati mwa mng'alumo. Zonsezo ziyenera kuchoka kaye.

Masulani nsambo, muzule tizikhomo togwira nsambo pabriji. Fundizani briji ndi ayironi yosatentha kwambiri, mutayalapo kansalu, ndipo mbali zonse muphimbe ndi katoni kuti vanishi angapse. Kenako lowetsani kampeni kopyapyala, kabuntha, pang'onopang'ono mpaka ichoke. Apa m'pofunika mtima. Ine tsiku lina ndinkathamangira kumaliro, ndinakanula mwaphuma, briji inanyamuka ndi zipalapasa za thabwa la pamwamba, ndipo ntchito ya ola limodzi inandidyera masiku atatu. Mukachotsa, palani mbali zonse ziwiri mpaka muone thabwa lenileni. Ikani briji pamalo pake musanapake kanthu: isagwedezeke, pasaoneke mpata. Ikakhala bwino, pakani guluu mopyapyala mbali zonse.

Kupana kwake nanga? Makalampu aatali olowera pabowo la gitala kuno ndi osowa. Ine ndimatenga timabawuti tiwiri toonda, n'kutilowetsa m'mabowo a tizikhomo akumapeto, kathabwa kena m'kati, kena pamwamba, n'kumanga mpaka guluu atatuluka timadontho m'mbali. Timabawuti muzitipaka kandulo kuti tisamatirire. M'mapiko a briji ndimaikamo timatabwa n'kuzenga ndi malegeni, mosakoka kwambiri poopa kubonyola gitala. Pukutani wotulukayo ndi kansalu konyowa. Botolo lingakuuzeni kuti maola 24 akwana, koma nyengo yamvula ine sindibwezera nsambo asanathe masiku awiri.

Epoxy amagwiradi, sindikukana. Choipa chake n'choti safuna kumasuka. Gitala ndi chinthu chokonzedwa kangapo pa moyo wake, ndiye mmisiri wodzaigwira zaka zisanu zikubwerazi adzachita kusema ndi chizulo, akukutukwanani chamumtima. Wa nsapato yekha ayi ndithu: amakhala ngati mphira mpaka kalekale, nsambo zimamkoka n'kumatanuka, komanso amameza mawu. Supagulu musamutaye, ali ndi malo ake. Kadontho kamodzi pansi pa kafupa ka kumutu kodutsa nsambo, kapena pa feleti (kachitsulo kopingasa pa khosi la gitala) imene yadzuka, n'kokwanira.

Pali guluu wina amene ndimamkonda kuposa onsewa, wa chikopa. Amapangidwa pophika zikopa za nyama, ndipo ndi amene opanga vayolini a ku Cremona ku Italy, monga Antonio Stradivari, ankagwiritsa ntchito zaka 300 zapitazo. Okonza vayolini mpaka lero sanamsiye. Amabwera ngati timibulu, mumanyika m'madzi, n'kutenthetsa kabotolo kake m'madzi ofunda cha pa madigiri 60, osawiritsa. Akauma satanuka ngakhale kutenthe, koma mukamuthira kutentha ndi chinyezi pamodzi amamasuka osaononga thabwa. Kuvuta kwake, akazizira amaundana m'kamphindi, mwina musanamange n'komwe bawuti yachiwiri. Kwa munthu woyamba kumene sindingamulangize. Koma mukadzapatsidwa vayolini ya kumpingo kuti mukonze, PVA asadzayandikirepo.

Funso langa kwa inu: gitalayi inabwera ndi nsambo zanji? Ngati inali ya nayiloni, yomanga nsambo mfundo pabriji, inu n'kuikapo zawaya kuti izimveka kumbuyo kwa tchalitchi, palibe guluu angakuthandizeni. Zanayiloni zimakoka pafupifupi makilogalamu 40 okha, ndipo thabwa lake analipangira katundu ameneyo. Yotereyo ilibenso mabowo a tizikhomo, ndiye timabawuti tija tiiwaleni, mukabwereke makalampu kwa kalipentala.

Mukamaliza, gitalayo isamagonenso m'chipinda cha kwaya pansi pa malata, kapena m'buti ya galimoto masana. Guluu woyerayo akatenthedwa amafewa, ndipo nsambo zimayambanso kumkoka.