Yankho kwa msuweni pa za kuyamwa

Eee msuweni, ndaliona funso lako, koma ndili pachigayo, ndiye ndingolankhula. Akuti nsalu ikamakoka madzi msanga timati ikumwa kapena ikuyamwa? Iwe! Unayamba liti kufunsa za nsalu? Usandibisire, amenewo ndi matewera. Masiku a alamu ayandikira eti? Mulungu awasunge.

Ugule a thonje. Pa nayiloni madzi amangotsetsereka, mwana n'kukhala m'chinyontho mpaka kutuluka tizilonda. Ukafuna kung'amba chitenje, chisakhale chatsopano, chimakhala chouma gwaa, madzi amangoyenda pamwamba. Uchichape kaye kawiri katatu.

Dikira, wandikumbutsa amalume. Khitchini ya kuseri ija, yomwe anamanga ija. Njerwa zootcha, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mmisiri anawauza bwinobwino kuti njerwa azithire kaye madzi. Iwo ayi, kumjigo n'kutali, madziwo ndi okandira simenti basi. Anayala matope aja, njerwa n'kukoka madzi onse, simenti n'kuuma isanagwire. Patapita sabata... ayi, ndanama, masiku atatu okha, agogo anangokanda ndi chala chonchi, mchenga n'kumayoyoka. Amalume anaima poteropo, manja m'chiuno, kuyang'ana khoma nthawi yaitali, kenako akuti, “Njerwazi zinali ndi ludzu.” Anaphwasula mizere yonse okha, osalankhula ndi munthu. M'mawa mwake tonse ndowa pamutu, kunyowetsa njerwa mpaka zitasiya kulira kuti tsii. Tonse ndati? Iwe unadwala mutu tsiku limenelo, ndikukumbuka bwino.

Ndimati chiyani kodi? Eya, mawuwo. Ndi kuyamwa. Monga mwana kubere: chinthucho chimakoka chokha madziwo n'kuwasunga m'kati. Kumwa anthu amanenanso, mvula ikagwa timati nthaka yamwa madzi, palibe angakutsutse. Kumwerera ndiye ndi madziwo akamalowa pansi, si za nsalu ayi.

Ndiye kumsika ukangoti ndikufuna matewera oyamwa madzi bwino, akumva. Udonthezepo madzi pang'ono akakulola, uone ngati akulowa pompo. Oyamwa, wamva? Osati okongola, oyamwa. Chimanga changa chafika pamzere. Upereke moni kwa alamu, uwauze asanyamulenso ndowa.