Ana ali pa tchuthi, penti akuuma m'mbale: yankho kwa mayi wa ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Anandipempha kuti dzina lawo ndisalitchule, koma funso anandilola kuliika pano. Ndalifupikitsa motere:

"Ndimagwira ntchito mu ofesi, koma ndikapeza mpata ndimajambula zithunzi ndi penti wa acrylic. Ndili ndi ana atatu, wamkulu mtsikana wa zaka 13, mzime wa zaka 4. Sukulu zikangotsekera kumabweranso ana awiri a mlamu wanga kuchokera kumudzi. Loweruka lililonse kuli ukwati kapena chinkhoswe. Chaka chatha, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, sindinagwire bulashi. Ndikati ndijambule mtima umanditsutsa kuti ndikuba nthawi ya ana, ndikasiya ndimangokalipira aliyense m'nyumba. Panopa ndili ndi oda ya zithunzi zinayi zofunika kumayambiriro kwa Okutobala. Kodi ndingosiya mpaka ana akule?"

Amayi, musasiye. Zina zonse zimene ndilembe m'munsimu mukhoza kutolapo zokuthandizani n'kusiya zina, koma pa funso lanu lomalizalo yankho langa ndi limenelo. Mzime wanu ali ndi zaka 4. Mukati mudikire akule, ndiye kuti mwaika mabulashi m'katoni kwa zaka khumi kapena kuposerapo, ndipo dzanja limene lagona nthawi yaitali choncho limavuta kudzutsa.

Kalata yanu yandikumbutsa agogo anga aakazi kumudzi kwathu ku Dedza, amene anali oumba mbiya. Nyengo imene inu mukuiona ngati yokulandani luso, kwa iwo ndiyo inali nyengo ya luso. Dzinja lonse khasu silinkawapatsa mpata: kubzala, kupalira, kubandira, mpaka kukolola. Chimanga chikalowa m'nkhokwe m'pamene ankatsikira kudambo kukakumba dongo. Mbiya imafuna kuuma pang'onopang'ono pamthunzi, kenako imafuna nkhuni zouma bwino zootchera, ndipo zimenezi mvula siilola. Abambo nawo ankasoka mphasa za bango, kuluka malichero ndi madengu a nsungwi, kusema mipini ndi mitondo m'miyezi yomweyi. Ng'oma za gule wamkulu zimamveka kwambiri anthu akakolola, ndipo mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, umachitika kumapeto kwa Ogasiti. Kwathu kuno chilimwe ndi luso zakhala zikuyendera limodzi kuyambira kale.

Agogo analibe chipinda chotseka. Ankaumbira pabwalo, pansi pa mtengo wa mango, ife zidzukulu tikuthamangathamanga pompo. Koma ndazindikira nditakula kuti ntchito yawo ankaigawa pawiri. Kutunga madzi, kuponda dongo, kuchotsamo timiyala, kutola nkhuni, ngakhale kusalaza m'mbali ndi chitsononkho, zonsezo tinkagwira nawo, uku akutikambira nthano. Koma akafika pa khosi la mtsuko ankangonena mawu amodzi, "Tapitani kwa amanu," ndipo tinkachoka osawiringula. Gawo limenelo linali lalifupi, ankalichita m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo aliyense pakhomo ankadziwa kuti pamenepo gogo saitanidwa.

Inunso tengani pepala, mulembe zonse zimene mumachita kuti chithunzi chimodzi chichoke m'mutu mwanu mpaka chikafike kwa mwini wake. Kukoka chinsalu pa felemu n'kuchikhoma. Kupaka penti woyera woyamba uja, kawiri kapena katatu. Kupaka mtundu wa kumbuyo. Kutsuka mabulashi, kupenta m'mphepete, kuyankha makasitomala pa WhatsApp, kukulunga. Ndiye pali zinazo: kusankha pamene munthu aime m'chithunzi, nkhope, maso, manja, mmene kuwala kugwere pa chitenje. Zoyambazo ndi ntchito ya manja, mukhoza kuigwira pakhonde madzulo ana akusewera fulaye pambali, ena akukuthandizani. Zachiwirizo ndiye khosi la mtsuko. Ine nditayesa kulemba chonchi ndinadabwa kuona kuti gawo lofuna bata lenileni ndi laling'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Chimene chinkandilepheretsa n'chakuti ndinkadikira tsiku lathunthu lopanda phokoso kuti ndichite zonse pamodzi, ndipo tsiku lotero m'nyumba ya ana asanu silibwera.

Nthawi ya khosi la mtsukoyo, kwa mayi wa ntchito ngati inu, ndi m'bandakucha. Ndikudziwa kuti kuchoka ku Area 25 kupita m'tauni mumayenera kulawira chifukwa cha mzere wa magalimoto, choncho mwina ola lanu ndi la pakati pa 4:30 ndi 5:30. Musadzuke choncho masiku onse. Masiku atatu pa sabata akwana, ndipo usiku wake mugone msanga, chifukwa mayi wosagona mokwanira ndi yemwe uja wokalipira aliyense amene mwamutchula m'kalata. Konzerani zonse madzulo: chinsalu chiime pamalo pake, madzi akhale m'chitini, mabulashi ayalidwe. Mukadzuka foni musaigwire.

M'mamawa muli phindu linanso. Acrylic amauma m'mphindi zochepa, ndiye kukafika Okutobala, pamene masana ku Lilongwe kutentha kumapitirira madigiri 30, amayamba kuuma ali pa bulashi. Kukuzizira amakupatsani mpata wosakaniza mitundu pa chinsalu. Vuto la m'bandakucha ndi kuwala: mu Ogasiti kumacha cha m'ma 6 koloko, ndipo mtundu umene mwasakaniza pa nyale umaoneka wina dzuwa likatuluka. Ine ndimasakaniza mitundu yanga Lamulungu masana, n'kuisunga m'kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro chothina. Pansi ndimayala kansalu konyowa, pamwamba pake pepala lija lophikira makeke, penti n'kumuika pa pepalapo. Amakhala wofewa masiku angapo. Mukamva kafungo ka nkhungu, sinthani kansaluko. Vanishi yekha, mankhwala aja opaka pomaliza oteteza ndi kuwalitsa chithunzi, musapake mu Ogasiti ngati mungathe kudikira. Mphepo ya mwezi umenewu imanyamula fumbi, ndipo ndi ana asanu akulowa ndi kutuluka, fumbilo limakamatirira pa chithunzi chonyowa osachokanso. Sukulu zikatsegulira mu Seputembala m'nyumba mudzakhala bata, mudzapake nthawi imeneyo mawindo ali otseka.

Tsopano za mtima wokutsutsaniwo, chifukwa ndikuona kuti ndi pamene pagona nkhani yanu. Chaka china mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 6, ndinadzitsekera m'chipinda Loweruka lonse kuti ndimalize chithunzi cha kasitomala. Anagogoda kangapo, ndipo komaliza ndinatsegula n'kumukalipira kwambiri. Anali atanyamula ng'ombe ya dongo imene anaumba yekha, akufuna kundipempha penti wofiira pang'ono. Anaibisa kumbuyo n'kuchoka. Mpaka lero zimandiwawa. Usiku umenewo ndinaganizadi zosiya kujambula, monga mukuganizira inumu. Koma nditakhala pansi ndinaona kuti chimene chinamupweteka mwana si kujambula kwanga ayi. Chinali chitseko chotseka tsiku lonse popanda kumuuza kuti chitsegulidwa liti. Mwana amapirira ola limodzi akadziwa pamene lithere. Kuyambira pamenepo ndimawauza kuti muvi wautali ukafika apa ndituluka, ndipo ndimatulukadi, ngakhale nkhope itatsala diso limodzi.

Ndipo kuona mayi awo ataweramira chinthu chimene amachikonda sikuwamana ana kanthu. Ine zimene ndinatenga kwa agogo sanandiphunzitse ndi pakamwa, ndinangoziona.

Apatseni ana malo awoawo pafupi ndi inu, koma osati penti wanu. Penti wa m'machubu ndi wodula, ndiponso mitundu ina yofiira ndi yachikasu imakhala ndi cadmium, amene si wabwino kulowa m'kamwa mwa mwana. Atoleni katondo, makala, phulusa ndi dothi loyera, asefe, asakanize ndi madzi ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa kuti ligwire. Ndi mitundu yomwe amayi a kumudzi amazirira nyumba, ndipo ana a alamu anuwo mwina akuidziwa kuposa anu a m'tauni. Apatseni mpata awaphunzitse anzawo. Makatoni akale ndiwo chinsalu chawo. Ngati nthawi zina mumagwiritsa ntchito penti wa mafuta, chonde mankhwala osungunulira penti monga thina, tapentaini kapena parafini musawasunge m'botolo la zakumwa. Mwana wa zaka 4 wotopa ndi dzuwa akaona botolo lotero amangopapira. Ikani pamwamba, m'chitini chake cholembedwa, ndipo nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed musaziunjike pakona chifukwa zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka.

M'kalata yanu simunatchule bambo a kunyumba ngakhale kamodzi. Sindikudziwa mmene zilili pakhomo panu, koma ngati alipo, ana asanuwo ndi awonso, ndipo awiriwo ndi a m'bale wawo. Khalani nawo pansi muwauze momveka: ndili ndi oda ya zithunzi zinayi, mtengo wake ndi uwu, tsiku lopereka ndi ili, ndikufuna Lamulungu masana kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko mutenge ana. Anthu ambiri pakhomo amayamba kulemekeza luso akamva tsiku ndi mtengo. Zimandimvetsa chisoni kuti zili choncho, chifukwa chithunzi chosagulitsidwa nacho ndi ntchito, komabe poyambira ndi pamenepo. Mukamanena nokha kuti "ndikungosewera ndi penti", musadabwe wina akakutumani kumsika muli pakati pa nkhope.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati pali mnzanu woyandikana naye amene nayenso akusowa mpata, wosoka, wophika mandasi kapena wowerenga za mayeso, sinthanani ana: Loweruka lino m'mawa onse kwanu, Loweruka linalo onse kwake. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti mpata wanu usachokere pamsana pa mtsikana wanu wa zaka 13. N'kosavuta kumusiyira mzime, mbale ndi alendo, iye osadandaula. Athandize monga mwana aliyense, anyamatawo chimodzimodzi, koma tchuthi ndi chakenso.

Za maukwati ndi zinkhoswe ndinena mwachidule. Simungapite konse. Tengani kalendala lero, musankhe za abale enieni ndi anzanu apamtima, kwinako tumizani ya pelekanipelekani ndi uthenga wabwino. Ena adzang'ung'udza sabata imodzi n'kuiwala. Maliro okha sasankhidwa, ndiye powerengera masiku anu siyani mpata wa zadzidzidzi.

Tiyeni tiwerengere odayo. Kuyambira sabata yoyamba ya Ogasiti mpaka kumapeto kwa Seputembala muli masabata asanu ndi atatu. M'mamawa utatu pa sabata ndi maola 24, kuphatikizapo maola atatu a Lamulungu lililonse, enanso 24. Onse pamodzi ndi maola 48 a bata, kupatula ntchito ya pakhonde ija. Chotsanipo sabata imodzi ya matenda kapena maliro, mutsala ndi 42, kutanthauza maola khumi ndi theka pa chithunzi chilichonse. Inu ndi amene mukudziwa kukula kwa zithunzizo ndi liwiro la dzanja lanu. Ngati maola khumi akukwana, yambani. Ngati sakukwana, muimbireni kasitomala sabata ino, osadikira Seputembala, mumuuze kuti ziwiri alandira pa tsiku lake, ziwiri zinazo kumapeto kwa Okutobala. Munthu wouzidwa msanga kawirikawiri amamvetsa. Ndiponso yambani zinayi zonse pamodzi, musadikire kumaliza chimodzi: china chikamauma mukugwira chinzake, ndipo tsiku limene mutu wakana nkhope mukhoza kupenta thambo.

Ndalama ikapezeka, tsiku limodzi la tchuthichi muwatengere ana onse asanu ku Mua m'boma la Dedza, ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene anayambitsidwa ndi wansembe, bambo Claude Boucher, mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli za Achewa, Angoni ndi Ayao, ndiponso zigoba zambirimbiri za gule wamkulu, ndipo pamalopo pali ntchito za osema ziboliboli zoti mwana n'kuima n'kuyang'anitsitsa. Nyamulani kabuku kojambulamo ndi mapensulo asanu ndi limodzi, limodzi lanu. Ine nditapita ndi anga, mwana uja wa ng'ombe ya dongo anakhala chete nthawi yaitali patsogolo pa chiboliboli china, pobwerera n'kundifunsa ngati anthu akuluakulu amaloledwa kugwira ntchito yotere moyo wawo wonse. Ndinamuyankha kuti inde.

Mukamaliza chithunzi choyamba mwa zinayizo, nditumizireni pa imelo yomweyi ndichione, ndipo mundiuze ngati penti wa m'kontena uja anapirira kutentha kwa kwanuko.